Lamulo Lili ku Lilongwe, Mwana Ali Kumudzi

M'chaka cha 2003 akuluakulu a banja lachifumu la Kachindamoto adatumiza uthenga ku Zomba kwa mayi wina amene adali atagwira ntchito ya ulembi pa sukulu ya zaubusa kwa zaka 27. Uthengawo udali wakuti abwerere kwawo ku Mtakataka, m'boma la Dedza, akalowe ufumu. Mayiwo adali a Theresa Kachindamoto, mzime m'banja la ana 12, ndipo popeza akulu awo adalipo, za ufumu sadaziyembekezere. Koma akuluakulu adati asankha iwo chifukwa ankadziwa kukhala ndi anthu, motero adalongedza katundu wawo nabwerera kumudzi.

Atayamba kuyendera midzi ya m'dera lawo, lomwe limayambira m'munsi mwa mapiri a Dedza mpaka kugombe la nyanja, adaona chinthu chimene eni dera adali ataleka kuchiona kaamba ka kuzolowera. M'makonde mwa nyumba zambiri mudali tiasungwana ta zaka 12 kapena 13 titabereka makanda kumbuyo. Mlendo akadayesa kuti ndi ana olera ang'ono awo amayi atapita kumunda. Koma mfumuyo itafunsa, idauzidwa kuti makandawo eni ake ndi omwewo, ndipo anyamata amene adali kusewera bawo pansi pa mtengo ndiwo amuna awo. Palibe amene adabisa, chifukwa palibe amene ankaganiza kuti pali kanthu kobisa.

Apa ndipo pagona nkhani yonse ya kuteteza ana ku nkhanza. Ukwati wa kumudzi sumangidwa mumdima. Malume, amene ali mwini mbumba, ayenera kuvomereza. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri ayenera kukumana. Nyakwawa imadziwa, popeza nyumba yatsopano simangidwa m'mudzi iyo osamva. Mphunzitsi amadziwa poona kuti dzina lina m'kaundula silikuyankhidwanso. Namwino wa kusikelo naye amadziwa akaona mimba pa thupi losakhwima. Mwana mmodzi akamalowa m'banja, amakhala atadutsa m'manja mwa akuluakulu ambiri, ndipo aliyense wa iwo adali ndi mpata wonena kuti ayi. Makolo akale ankati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mawuwo akadanenedwabe pamaliro ndi pazinkhoswe, koma ikafika nkhani ya mwana amene akuzunzika kuseri kwa mpanda wa mnansi, ambiri amakumbuka mawu ena, akuti za m'nyumba ya eni salowerera.

Kukula kwa vutoli kudadziwika bwino m'chaka cha 2013, pamene unduna woona za amayi ndi ana, mothandizana ndi Yunivesite ya Malawi ndi bungwe la UNICEF, udachita kafukufuku m'dziko lonse pofunsa achinyamata za ubwana wawo. Kafukufukuyo adapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu alionse, ndiponso mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri, adachitidwapo nkhanza zokhudza kugonana asadakwanitse zaka 18. Pa nkhani ya kumenyedwa, anyamata ndiwo adachuluka: pafupifupi awiri mwa atatu alionse. Ochita nkhanzazo kawirikawiri sadali achilendo obisalira patchire ayi, koma anthu odziwika, monga zibwenzi, anansi ndi anzawo a kusukulu, ndipo pa zomenyazo adali makolo, achibale ndi aphunzitsi. Chomvetsa chisoni koposa n'chakuti mwa ana 100 alionse ochitidwa nkhanza zogonana, amene adalandira chithandizo cha akatswiri sadafike 10.

ZIMENE BOMA LIDACHITA

Kunena kuti boma lidakhala chete kungakhale kulinamizira. Malawi adavomereza pangano la bungwe la United Nations la ufulu wa ana m'chaka cha 1991, ndipo malamulo aakulu oyendetsera dziko a 1994 adaikamo ndime yonena kuti mwana atetezedwe ku ntchito ndi chilango chimene chingaononge thupi, maganizo kapena maphunziro ake. M'chaka cha 2010 aphungu adakhazikitsa lamulo losamalira ndi kuteteza ana, limene limaletsa kukakamiza mwana kukwatiwa, kumgulitsa, kumchititsa miyambo yoononga moyo wake, ndiponso kumpereka ngati chikole pa ngongole, monga momwe zinkachitikira pa mwambo wa kupimbira kumpoto kwenikweni kwa dziko lino. Lamulo lomwelo lidakhazikitsa mabwalo apadera oweruza milandu ya ana. Nalo lamulo la milandu ya upandu lidasinthidwa. Kale linkateteza mtsikana wosafika zaka 13 yekha kwa mwamuna womugona. Zakazo zidakwezedwa kufika pa 16 m'chaka cha 2011, kenaka pa 18 m'chaka cha 2023, ndipo chilango chake chikhoza kufika pa ndende ya moyo wonse.

Komabe kwa zaka zambiri malamulowa ankatsutsana okhaokha. Lamulo la maukwati la 2015 lidati munthu asalowe m'banja asadafike zaka 18, pamene malamulo aakulu a dziko adali kulolabe mwana wa zaka 15 kukwatiwa ngati makolo avomereza. Popeza malamulo aakulu ndiwo amaposa ena onse, khomo lidali lotsekedwa koma zenera lili pululu. Ndipo amene ankakwatitsa anawo adali makolo omwewo amene lamulo linkafuna chilolezo chawo. Mpata umenewu udatsekedwa mu Febuluwale 2017, pamene aphungu 131 adavomereza kusintha malamulo aakuluwo ndipo awiri okha ndiwo adakana. Kuyambira pamenepo, mwana m'dziko lino ndi munthu aliyense wosafika zaka 18.

Pambali pa malamulo, boma ndi mabungwe adakonza malo othawirako. Kupolisi kuli nthambi yolandira anthu ochitiridwa nkhanza. M'zipatala zina zikuluzikulu, monga cha Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre, muli malo otchedwa Chikwanekwane, kumene mwana wogwiriridwa amapeza dokotala, wapolisi, wa zachisamaliro cha anthu ndi mlangizi pa khomo limodzi, kuti asamayende ofesi ndi ofesi akubwereza nkhani yomupweteka. Ilinso nambala ya lamya ya 116, yoimba mwaulere, imene bungwe la YONECO la ku Zomba lakhala likuyendetsa pamodzi ndi boma.

Zonsezi n'zabwino, koma zimagwira ntchito pokhapokha wina atatsegula pakamwa. Lamulo silimva kulira kwa mwana. Limadikira kuti munthu abwere kudzanena.

MLANDU WOTHERA PAMPHASA

Chimene chimachitika m'midzi yambiri mwana akagwiriridwa n'chodziwika. Mayi kapena agogo amazindikira poona kayendedwe ka mwanayo kapena pomusambitsa. Akamfunsa mwachifatse, iye amatchula dzina, ndipo dzinalo limakhala la bambo womupeza, la malume, la mlamu kapena la mwini golosale amene banjalo limakongolako sopo ndi mchere. Usiku womwewo akuluakulu a mbali ziwiri amayala mphasa. Wina amakumbutsa kuti wolakwayo ndiye amagula feteleza pakhomopo. Wina amati nkhani ikamveka, mwanayo sadzapeza mwamuna. Wina amawerengera ndalama ya kabaza ndi ya minibasi yopitira kupolisi, kuchipatala ndi kubwalo la milandu, kumene mlandu ukhoza kuimitsidwa kangapo. Pomaliza amagwirizana kuti wolakwayo alipe mbuzi kapena ndalama, ndipo ngati mwanayo ali ndi pakati, amtenge akhale mkazi wake. Mbuziyo imadyedwa ndi akulu. Mwanayo safunsidwa kanthu.

Pamene akulu akukambirana chotero, nthawi imakhala ikutha. Mankhwala oteteza munthu wogwiriridwa ku kachilombo ka HIV amagwira ntchito akayamba kumwedwa pasadathe maola 72, ndiye kuti masiku atatu. Mankhwala oletsa mimba yosayembekezera nawonso ali ndi masiku ake owerengeka. Zizindikiro zimene dokotala akadalemba kuti zikhale umboni zimafufutika mwana akasamba ndipo mabala akapola. Banja limene lataya mlungu wathunthu pamphasa, ngakhale litasintha maganizo pambuyo pake, limafika kuchipatala mochedwa ndipo limafika kubwalo la milandu chimanjamanja. Kumenekonso woweruza amafuna umboni wa zaka za mwanayo, chinthu chovuta kwa ana ambiri amene adabadwa kalembera wa ana obadwa asadakhazikike. Kalemberayo adayamba kukakamizidwa m'chaka cha 2015, ndipo ena amadalira kabuku ka kusikelo kapena kalata ya ubatizo.

Mlandu wina wa ku Nsanje udaonetsa poyera malire a mphamvu ya boma. Mu Julayi 2016 wailesi ya BBC idaulutsa nkhani ya mwamuna wina wa kumeneko amene adavomera yekha kuti ankalipidwa kuti akhale fisi, wogona ndi atsikana ongotha msinkhu ndiponso akazi amasiye, chikhalirecho ankadziwa kuti ali ndi kachilombo ka HIV. Dziko lonse lidagwedezeka, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika adalamula kuti munthuyo amangidwe. Koma mlandu utafika kubwalo, palibe mtsikana ndi mmodzi yemwe amene adabwera kudzapereka umboni. Adaimbidwa mlandu pa za akazi amasiye zokha, pogwiritsa ntchito lamulo la 2013 loletsa miyambo yoononga, ndipo mu Novembala chaka chomwecho adagamulidwa kukakhala kundende zaka ziwiri. Mawu a mtsogoleri wa dziko adatha kumanga munthu mmodzi, koma sadathe kutsegula pakamwa pa mudzi umene unkamlipira.

NJIRA YA INKOSI KACHINDAMOTO

Inkosi Kachindamoto adayamba ndi kulangiza. Adaitanitsa misonkhano ya makolo, atsogoleri a mipingo ndi a mabungwe, nawapempha kuti aleke kukwatitsa ana. Makolo ambiri adayankha kuti mfumu ilibe gawo pa mwana wa eni, makamaka mfumu imene sidzawapatsa chimanga chodyetsera mwanayo akabwerera pakhomo. Ena adati munthu amene adakhalitsa m'tauni sangaphunzitse anthu mwambo wawo. Ena adafika powaopseza kuti awapha.

Ataona kuti kupempha kokha sikukupindula, adatembenukira kwa anthu amene adali ndi mphamvu pa iwo, ndiwo mafumu aang'ono. Adasonkhanitsa mafumu 50 a pansi pawo nawasainitsa pangano lakuti m'midzi mwawo simudzamangidwanso ukwati wa mwana, ndipo maukwati otere amene adalipo kale athetsedwe. Nzeru yake idali yapafupi. Wapolisi wa ku boma sangadziwe kuti m'mudzi wakutiwakuti mwalowa mkamwini dzulo, koma nyakwawa singanene kuti sidamve. Tsono m'malo molondola kholo lililonse palokha, iwo adasenzetsa mlanduwo munthu amene sakadatha kukana kuti akudziwa.

Mafumu anayi adayesa kuti panganolo lidali la pakamwa chabe, ndipo maukwati a ana adapitirira m'midzi mwawo. Inkosi adawaimitsa pa ufumu. Patapita miyezi, anayiwo adabwera kudzanena kuti maukwati aja atha; mfumu yaikuluyo idatuma anthu kukaona ngati zidali zoona, ndipo itatsimikiza idawabwezera mipando yawo. Chilango chimenechi chidamveka kutali kuposa misonkhano yonse ija. Ufumu wa kumudzi ndi ulemu wa mbumba yonse, ndipo mfumu yoimitsidwa imachita manyazi pamaso pa alongo ake ndi adzukulu ake omwe. Pamenepa mphamvu ya manyazi, imene kale inkatseka anthu pakamwa, idayamba kugwira ntchito mbali ya mwana.

Popeza mafumu akhoza kubisa, Inkosi adakhazikitsanso gulu la amayi ndi abambo achinsinsi m'midzi, amene ntchito yawo idali kuona ngati mwana wasiya sukulu kapena akukonzedwera ukwati, ndi kukanena mwakachetechete. Chinsinsicho chidali chofunika, pakuti munthu woulula nkhani ya mnansi wake adzakumana naye mawa kuchitsime, kudambwe kapena pamaliro. Wofuna kuti anthu a kumudzi aziulula nkhanza ayenera kuyamba waganizira za mmene woululayo adzakhalire ndi anzake pambuyo pake, ndipo apa ndi pamene njira zambiri zokonzedwa m'maofesi zimapunthwa.

Chinamwali sadachithetse, ndipo adachita bwino. Kutsimba ndi kumene mtsikana amaphunzira ulemu, ukhondo ndi kudzisunga, ndipo anamkungwi ndi anthu amene makolo amawakhulupirira kuposa mlendo wobwera pa galimoto. Chimene adaletsa ndi kuphunzitsa tiana zakuchipinda, pamodzi ndi mwambo wa kusasa fumbi, wouza namwali kuti akatuluka kutsimba agone ndi mwamuna kuti thupi lake lisatuwe. Adachenjeza kuti mfumu yololeza zimenezi m'mudzi mwake ichotsedwa.

Mu Juni 2015 adalengeza kuti athetsa maukwati 330, ndipo pofika chaka cha 2016 chiwerengerocho chidaposa 800. M'maukwati amenewa mudali anyamatanso ambiri, ana okhaokha amene adasanduka abambo asadamere ndevu, ndipo nawo adabwezedwa kusukulu. Apa mfumu idatsamira pa mfundo za boma: kuyambira m'chaka cha 1993 mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera m'kalasi, ndipo kuyambira 1994 sukulu za pulayimale n'zaulere. Popanda mfundo ziwirizi, kuthetsa ukwati kukadangokhala kuchotsa mwana m'nyumba ina ndi kumkhazika pakhonde la ina. Magulu a amayi a pasukulu ndiwo ankalondola atsikanawo ndi kupempha agogo kuti azitsala ndi makanda. Inkosi ankaitananso amayi amene ali aphungu a Nyumba ya Malamulo kuti adzayankhule m'sukulu za kumudzi, kuti atsikana aone ndi maso awo kumene sukulu imafikitsa munthu wamkazi.

PAMENE MPHAMVU YA MFUMU IMALEKEZA

Nkhani imeneyi yakambidwa m'maiko ambiri ngati kuti idathera pomwepo, koma ntchito yolemetsa imayamba ukwati utatha. Banja limene lidakwatitsa mwana pofuna kuchepetsa pakamwa podya limalandira pakamwa pawiri, pa mwanayo ndi pa khanda lake. Pa nthawi imeneyo sukulu za sekondale zidali zolipira, ndipo ngakhale kupulayimale kumafunika yunifomu, makope ndi sopo. Inkosi ankalipirira ena ndi ndalama za m'thumba mwawo, ena ankawapezera anthu akufuna kwabwino, koma thumba la mfumu imodzi silingaphunzitse boma lonse. Mtsikana wosowa zonsezi, amenenso anzake akumuseka m'kalasi kuti ndi ntchembere, sachedwa kubwerera kwa mwamuna uja, ndipo ulendo wachiwiriwu amapita mobisa.

Mafumu ena ambiri adatengera chitsanzochi nakhazikitsa malamulo a m'midzi, olipiritsa mbuzi, nkhuku kapena ndalama kwa kholo lokwatitsa mwana. Malamulo otere athandiza, komabe ali ndi mbuna zake. Chindapusa chikhoza kusanduka mtengo wogulira mlandu, kotero kuti mwamuna wachuma amalipa mbuzi kwa mfumu n'kupita kwawo, chonsecho mlandu wogona ndi mwana ndi wa upandu, umene mfumu ilibe mphamvu youweruza. Kumene chindapusa chimagwera makolo a mtsikana woyembekezera, banja losauka limabisa mimbayo, ndipo mwana amene amafunika sikelo kuposa wina aliyense ndiye amachedwa kupitako. Bwalo la mfumu likhoza kuletsa ukwati ndi kubweza mwana kusukulu, koma wogwirira malo ake ndi kupolisi. Mfumu yosakaniza ziwirizi yangosamutsa mphasa ija kuchoka pakhomo kupita pabwalo.

Ndiponso nkhanza si ukwati wokha. Alipo ana otenthedwa manja chifukwa chotapa ndiwo mumphika, atsikana otengedwa kumudzi powalonjeza sukulu n'kukasanduka antchito a m'nyumba m'tauni, ndi anyamata oweta ng'ombe kapena osoka fodya m'maesiteti pamene anzawo ali m'kalasi, ngakhale lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba mwana wosafika zaka 14. Anyamata ogwiriridwa ndiwo samveka n'komwe, chifukwa adaphunzitsidwa kuti mwamuna salira. Zoterezi zilibe ankhoswe kapena nthungululu zoti nyakwawa imve, motero kuzitulukira kumadalira mphunzitsi watcheru, mlangizi wa zaumoyo, kapena wogwira ntchito yoteteza ana wa m'deralo, amene nthawi zambiri amakhala mmodzi pa midzi yambirimbiri, woyenda pansi kapena pa njinga.

Chaka cha 2020 chidaonetsa kuti mpanda woteteza mwana ndi wosalimba. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi chifukwa cha mliri wa Covid-19, ana adakhala pakhomo miyezi yoposa isanu, ndipo kafukufuku wa boma adapeza maukwati a ana oposa 13,000 ndi mimba za atsikana zoposa 40,000. Malamulo onse aja adalipo, mafumu adalipo, apolisi adalipo. Chimene chidasowa ndi mphunzitsi woitana maina m'mawa uliwonse ndi kufunsa kuti uje ali kuti.

Kusintha kulipo, koma kukuyenda pang'onopang'ono. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 20 mpaka 24, amayi 42 adakwatiwa asadafike zaka 18. Wa 2019 mpaka 2020 adapeza 38.

Inkosi Theresa Kachindamoto adamwalira mu Ogasiti 2025, atakhala pa ufumu zaka zoposa 20 ndipo atathetsa maukwati a ana zikwi zingapo. Pangano lija la mafumu 50 silidalembedwe m'buku la malamulo a dziko. Lidalimba chifukwa padali munthu wokonzeka kuchotsa mfumu pampando ndi kupirira mkwiyo wa abale ake omwe. Ena mwa atsikana amene adabwezedwa kusukulu m'chaka cha 2015 tsopano ali ndi ana awo amene akuyandikira msinkhu wopita kutsimba, ndipo pa ana amenewa ndi pamene padzaonekere ngati anyakwawa a ku Mtakataka ankasunga panganolo kapena ankangoopa mwini wake.